Za chilembo cha ŋ chija: zatheka

Ndinafunsa muno kuti ndingalembe bwanji ŋ pa kompyuta, chilembo cha IPA (zilembo zosonyeza katchulidwe ka mawu) choimira liwu loyamba la mawu ngati ng'ombe ndi ng'oma, komanso chifukwa chake chimasanduka kabokosi ndikapita kukasindikiza m'tauni muno mu Zomba. Zikomo nonse amene munayankha.

Mu Word nkhani yake ndi yachidule. Mulembe 014B, kenako mudinize Alt ndi X pamodzi, ŋ atulukira pompo. Nambalayo ndi ya chilembochi mu Unicode, ndondomeko yopatsa chilembo chilichonse nambala yake pa kompyuta. Njira yomweyi imagwiranso pa ŵ wa mu Malaŵi, nambala yake ndi 0175.

Kabokosi kaja kanali nkhani ya font, mtundu wa kaonekedwe ka zilembo. Kompyuta ya kumalo osindikizirako inalibe imene ndinagwiritsa ntchito. Tsopano ndikulemba ndi font ya Charis SIL, yaulere, ndipo ndisananyamule flash ndimayamba ndasandutsa fayilo kukhala PDF. Basi.

Chimene chinandizunguza mutu kwambiri ndi mndandanda wa mawu womwe ndinatsegula mu Excel. Paliponse pamene panali ŋ panalembedwa Å‹. Mu UTF-8, njira yosungira zilembo mu fayilo, chilembochi chimasungidwa ndi mabayiti 2, C5 ndi 8B, ndiye pulogalamu ikaŵerenga mwa njira ina yotchedwa Windows-1252 imaona zilembo ziŵiri zosiyana. Musathamangire kukonza mzere ndi mzere, fayiloyo ili bwinobwino. Ilowetseni mu Excel kudzera pa menyu ya Data n'kusankha UTF-8.

Achimwene amene munatchula za foni, kiyibodi ya IPA pa Gboard, pulogalamu ya Google yolembera pa foni, ilipodi. Koma samalani pa SMS, ŋ mmodzi yekha amatsitsa malire a uthenga kuchoka pa zilembo 160 kufika pa 70, mayunitsi n'kumangopita.