Fairing yam'kati ya Street Glide: ndiike ndekha kapena ndipite kwa dila?

Mjomba_wa_ku_Germiston:
Abale, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi njinga yamoto ya Harley Street Glide ya 2012 kuno ku Joni. Fairing yam'kati, pulasitiki yakuda ija pamene pamakhala mageji ndi wailesi, yatuwa ndi dzuwa, ndiye ndagula ina yopenta kale. Kwa dila akuti amalipiritsa pa ola, ndipo mtengo umene anditchulira ndi wa matumba angapo a feteleza kumudzi. Fairing yakunja ndimachotsa ndekha, ndi masikuluwu 7 basi. Nanga yam'katiyi ndingaithe?

Chatsalira77:
Achimwene, mungathe, bola musaiyambe Lamlungu madzulo muli ndi ntchito Lolemba. Yakunja ija ndi chivundikiro chabe. Yam'kati ndiyo yanyamula mageji onse, masipika ndi mawaya.

Choyamba zulani fyuzi yaikulu. Ngati njinga ili ndi alamu, yatsani kaye ignition, fob (karimoti ka alamu) ili pafupi, kenako muzule, apo ayi ilira mpaka aneba atuluke. Pulagi iliyonse muijambule pa foni musanaichotse, n'kumatapo kapepala kolemba kumene ikupita, chifukwa za mageji ang'onoang'ono aja zimafanana zedi. Thanki ndi mudguard mufunditse bulangete. Zida zikhale za mainchi, osati za mamilimita, kuphatikiza zomasulira masikuluwu a mutu wa nyenyezi, Torx T25 ndi T27. Mukakakamiza sipanala ya metric mudya mitu ya mabawuti.

Povuta penipeni ndi pawiri. Pa njinga za chaka chanucho, kebulo ya klatchi imadutsa pabowo la fairing yomweyo, ndiye muimasula, pomaliza n'kuichunanso. Kwina ndi chotembenuzira cha ignition: chikatuluka musapotoze zam'kati mwake, chifukwa zikasemphana chimakana kubwerera, mpaka mupeze kachida kolungamitsira. Mwayi wanu ndi wakuti kuyambira 2008 njingazi zinasiya makebulo a throttle (choonjezera moto), ndiye amenewo sakuvutitsani.

Nachisale_Rider:
Ine ndiye ayi, bambo. Penti yonyezimira imakandika ndi chikhadabo chomwe, ndipo fairing imalowa mothina pakati pa mahandulo ndi mafoloko. Mukaikanda nokha mudandaulira ndani? Akaikanda a pagalaja, mlandu ndi wawo. Si dila yekha amene amadziwa Harley, amakaniko oima paokha aliponso ambiri ndipo amatsitsako mtengo. Wa ine anandilola kukhala pambali n'kumaonerera.

Chatsalira77:
Pa zokanda mwanena zoona, mayi. Pokweza pamafunika anthu awiri, ndi tepi m'mphepete monse. Ndinaiwalanso: mavidiyo ambiri pa YouTube ndi a njinga za 2014 kupita m'tsogolo, zimene Harley anazitcha Project Rushmore, ndipo fairing yake inasinthidwa. Musawatsatire, pezani service manual ya 2012.

Mjomba_wa_ku_Germiston:
Zikomo nonse. Za mawaya sizikundiopsa, koma klatchi sindinaichunepo chibadwire. Ndimasula ndi kumanga ndekha Loweruka, mlamu wanga andigwirira mbali ina, ya klatchiyo ndiitana makaniko. Achimwene a Chatsalira, kachida ka ignition kaja muli nako? Mungandibwerekeko?