Mafumu atatu aja amachokera kuti? Funso kwa akwaya

Mayi_wa_alto: Abale ndithandizeni. Tayamba kuyeseza nyimbo za Khrisimasi ku kwaya ndiye mwana wanga wandifunsa kuti bwanji timayimba za mafumu atatu pomwe pa Mateyu 2 akungoti anzeru a kum'mawa, sanati mafumu, sanatinso atatu. Ndatsegula Baibulo ndapeza akunena zoona mwanayu. Nanga ng'ombe ndi bulu zomwe zimatchulidwa pa khola paja, Luka sanazitchulenso. Kodi olemba nyimbozi amangopeka?

Gogo_Katekisiti: Mayi, sikupeka ayi, amatenga ku Chipangano Chakale. Atatuwo anthu anangowerengera mphatso, golide, lubani ndi mure, nkuti basi aliyense ananyamula imodzi. Za ufumuzo onani Salimo 72 vesi 10 ndi 11 pomwe akuti mafumu adzabwera ndi mitulo nkumugwadira, komanso Yesaya 60 vesi 6 pali ngamila, golide ndi lubani. Ng'ombe ndi bulu zili pa Yesaya 1 vesi 3, ng'ombe idziwa mwini wake, bulu adziwa chodyeramo cha mbuye wake koma Israeli sadziwa. Ndiye nyamazo sizokongoletsa khola, ndi chidzudzulo kwa ife anthu kuti nyama zamuzindikira ife tili phee.

Tenala265: Agogo mwalasa. Ndiwonjezereko za nyimbo ya mafumu atatu ya We Three Kings ija, anailemba John Henry Hopkins ku America mu 1857, mukaiona bwino mphatso iliyonse ili ndi ndime yake, golide ndi wa mfumu, lubani ndi wa Mulungu paja ankafukiza m'kachisi, koma ndime ya mure eish ndi yamaliro yeniyeni, ikukamba za magazi ndi manda mwana asanayambe nkukwawa komwe. Pa Yohane 19 vesi 39 Nikodemo anabweretsa mure wokonzera thupi la Yesu. Makwaya ena amaidumpha ndimeyi ati ikuwononga chisangalalo, ine ndimakana, mukaichotsa nyimbo yatsala chikopa chokha.

MlendoKuLeeds: Kuno ku UK ndi pomwe ndinamvetsa nyimbo ya The Holly and the Ivy. Holly ndi mtengo wamasamba a minga, sufota ngakhale kuzizire bwanji mu Disembala mitengo ina itayoyoka, ndipo umabala tizipatso tofiira. Nyimboyo imakamba za minga ija, yomwe anthu amati ikukumbutsa chisoti chaminga cha Yesu, imatinso zipatsozo ndi zofiira ngati magazi, duwa lake loyera. Kwathu nthawi imeneyi ndi mvula, anthu ali kalikiliki kupalira chimanga, ndiye kuyimba za chipale chofewa mwana wa ku Dowa amangotsatira mawu osadziwa kuti ndi chani.

Mayi_wa_alto: Zikomo nonse, Loweruka ndikawerengera anzanga Yesaya 1 uja tisanayambe pulakatisi. Koma a Tenala ndime ya mure ija akwayamasitala athu amaidumphadi kkkk, mundipatse mawu oti ndikayambire nawo poti munthu wake ndi wovuta.