Chitetezo cha Mulungu panyanja, ndithandizeni maganizo abale

MlongoWaMlovi_KK

Moni nonse abale mwa Ambuye. Pali nkhani yandisowetsa tulo. Mchimwene wanga wamng'ono ndi mlovi, amakoka khoka la chilimira kuno ku Nkhotakota, ndiye poti mwera wayandikira mwini boti wanena kuti boti litsirikidwe ndipo aliyense atemedwe mphini asanalowe m'madzi. Iyeyu wakana, akuti ine ndinabatizidwa ndimayimba kwaya sindingapange zimenezo. Pano anzake akumunena kuti abweretsa tsoka, komanso akumukumbutsa za abambo ena amene ankapemphera pagombe tsiku lililonse asanapalase koma anamira ndithu, thupi kupezeka patapita masiku. Kunena zoona mawu amenewo andilasa inenso chifukwa abambowo ndinkawadziwa, anali munthu wa Mulungu weniweni. Nanga Salimo 91 ija timawerenga kuti choipa sichidzakugwera imatanthauza chani? Mwanayu ndimulimbikitse bwanji, ine mwini mtima uli m'mwamba?

GogoWaPaChia

Mwanangu, ine ndakalambira panyanjayi, tsono ndikuuzeko zomwe maso anga aona. Maboti otsirika amamira, osatsirika amamiranso. Mwera ukakwiya mu Juni ndi Julaye safunsa kuti wa mphini ndani wa Baibulo ndani. Kungoti wotsirika akamira anthu amati analakwitsa zizimba, koma akamira mkhristu ndiye nkhani imafika mpaka ku Dwangwa kuti taonani Mulungu wake wamutaya. Anyamatawo akuwerenga mbali imodzi yokha.

Mumuuze atsegule Machitidwe 27. Paulo anawachenjeza anthu a m'ngalawa imene anakwera kuti tisanyamuke nyengo yaipa, koma mkulu wa asilikali anamvera woyendetsa ndi mwini ngalawa, zomwezi timaziona kuno mwini boti akafuna ndalama ya usipa. Namondwe anawagwira mpaka usiku wa 14, ngalawa inasweka ndithu, katundu yense anapita, koma anthu 276 onse anafika kumtunda, ena posambira ena atagwira matabwa. Mulungu anali nawo koma ngalawa sanaisunge. Ndipo chenjezo loyamba lija linalinso chitetezo chake, anthu ndi amene sanamve. Ndiye a zanyengo akalengeza pawailesi kuti kukubwera mwera wamphamvu, mchimwene wakoyo asamati ndapemphera ndilowa basi. Atsale. Njala ya tsiku limodzi siipha.

MayiWaMvano_Salima

Amen agogo. Achemwali, pa Salimo 91 paja kumbukirani kuti ngakhale Satana anaitchula kwa Yesu pamwamba pa kachisi, pa Mateyu 4, kuti dziponye pansi angelo akuwakha, Yesu n'kumuyankha kuti usamuyese Ambuye Mulungu wako. Ndiye salimoyi si chithumwa chomanga m'chiuno ayi. Ena masiku ano akuika Baibulo lotsegula kumutu kwa bedi kapena kugula timabotolo ta mafuta odzozera ngati mmene amagulira kwa sing'anga, kwa ine ndi mphini zomwezo zangosintha dzina.

Za abambo anamirawo zandikhudza kwambiri, ine mwamuna wanga anatisiya nthawi ya kolera ija mu 2023 ndipo anali munthu wopemphera kuposa ine, ndinakhala miyezi ndikulephera kuyimba m'tchalitchi, ndimangokhala kumbuyo misozi ili mbwembwembwe. Chimene chinandigwira dzanja ndi Machitidwe 12, mutu umodzi womwewo Herode akupha Yakobo ndi lupanga, kenako Petro akutulutsidwa m'ndende ndi mngelo. Onse awiri atumwi, onse okondedwa ndi Yesu. Sindingakuuzeni kuti Yakobo ankapemphera pang'ono, lingakhale bodza. Chomwe ndaona ineyo n'choti Mulungu sanandisiye, amayi anzanga a mvano ankabwera ndi ufa ndi nkhuni, fizi ya mwana wanga wa folomu 3 inapezeka mosayembekezera, ndipo chikhulupiriro changa sichinafe ngakhale ndinkaona ngati chatha. Kusunga kwake kwina n'kumeneko, amasunga mtima wa munthu kuti usatayike.

Mnyamata_waSengaBay

Koma amayi ndi agogo mundikhululukire, ine ndikuona ngati tikuchepetsa mphamvu ya Mulungu pang'ono. Yesu yemweyo anadzudzula mphepo pa Marko 4 nyanja n'kukhala bata nthawi yomweyo, ndipo sanasinthe. Ifeyo injini inatithimira usiku kutali zedi magetsi a kumtunda osaonekanso, mafunde akulowa m'boti tikukapa madzi ndi zidebe manja atatopa, foni netiweki palibe, tinangoyamba kufuula dzina la Yesu, asilamu awiri tinali nawo nawonso akupemphera mwawo, m'bandakucha boti lina linatipeza loti njira yake sinali imeneyo n'komwe, eni ake akuti anangoona kuti akhotere chakuno. Munthu asandiuze kuti zinangochitika. Ndiye achemwali muuzeni aise ameneyo apemphere molimba mtima ndipo ayembekezere kuti Mulungu amupulumutsadi, osati kupemphera uku akukayika.

GogoWaPaChia

Sitikutsutsana mnyamata iwe, zimene wanenazo n'zoona ndipo tiyamike. Anyamata atatu aja a pa Danieli 3 ananena zonse ziwiri pakamwa pamodzi, kuti Mulungu wathu angathe kutilanditsa m'ng'anjo, koma ngakhale asatilanditse fano lanu sitiligwadira. Mtima umenewo ndi umene mwanayu akufunika pamaso pa bwana wake. Koma iwenso ugule life jacket, chovala choyandamitsa munthu pamadzi chija, wamva, ndaika m'manda ana ambiri odziwa kusambira.

MphunzitsiWaSande_Benga

Ine ndiyankhepo za ntchitoyo poti enanu mwakamba kale zambiri. Mwina mwini botiyo amuchotsa, tisabise, ndipo achemwali mukonzekere kuti masabata angapo pakhomo pakhoza kuvuta. Koma si eni maboti onse amakakamiza mphini, alipo akhristu komanso asilamu amene zimenezi safuna kuzimva, afunsefunse pagombe pomwepo. Asakangane ndi anzakewo kapena kuwanyoza kuti ndi achikunja, ambiri akuchita chifukwa cha mantha basi, nawonso ali ndi ana kunyumba. Angonena mwaulemu kuti ine zanga ndinapereka kwa Yesu, ntchito ndigwira ndi mphamvu zanga zonse ngati kale.

Chinanso musasenze nokha nkhaniyi. Pitani nayeni kwa abusa kapena akulu a mpingo sabata ino, awerenge naye Salimo 121 ndi Miyambo 3:5-6, apemphere naye, ndipo mpingo udziwiretu kuti akachotsedwa ntchito pafunika kumugwira mkono. Kwathu kuno tili ndi mapemphero Lachitatu madzulo, tikamukumbukira pamodzi ndi banja la abambo anamirawo. Mutiuze mmene zithere ndi mwini botiyo.