Malikisi a mwana ndi a anzake a m'kalasi: coefficient ikutuluka 1.00, ndalakwitsa pati?

Anangozo, Dedza boma: Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi vuto la kuntchito, lipoti likufunika Lachisanu la sabata yamawa. Bungwe lathu limathandiza sukulu za pulayimale m'mazoni awiri, imodzi kumtunda cha ku Bembeke, ina kunsi kwa mapiri cha ku Mtakataka. Ndili ndi malikisi a mock ya sitandade 8 a zaka zitatu, dzina la sukulu, mudzi wa mwana, zaka zake, komanso ngati ndi mnyamata kapena mtsikana. Mabwana akufuna ndiyankhe kuti mwana amakhoza chifukwa cha anzake a m'kalasi kapena chifukwa cha mudzi umene amachokera. Iwo maganizo ali nawo kale, akuti nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Ndinapeza avereji ya kalasi iliyonse, n'kuchita regression ya malikisi a mwana pa avereji imeneyo, ndiye kuti masamu oona mmene ziwirizi zimayendera limodzi. Coefficient, nambala yoonetsa mmene malikisi a mwana amakwerera avereji ikakwera ndi 1, yatuluka 1.00 ndendende. Mtima wanga sukukhazikika, nambala yosalala chonchi sindinaiwonepo.

A Mbewe: Mayi, musailembe kaye m'lipotimo. Ndifunse: mu avereji ija, malikisi a mwana mwiniwakeyo alimo?

Anangozo: Alimo, bambo. Ndinangochita AVERAGEIF mu Excel, kalasi yonse pamodzi.

A Mbewe: Ndiye 1.00 ameneyo wabadwa ndi masamu, ana sanachitepo kanthu. Tiyerekeze kalasi ya ana atatu, 40, 50 ndi 60, avereji 50. Ina 20, 30 ndi 40, avereji 30. Makalasiwa asiyana ndi 20 pa avereji, ndipo ana ake nawonso asiyana ndi 20 yemweyo, popeza avereji mwaipanga ndi anawo. Mutathira malikisi onse m'lichero, kuwapeta, n'kuwagawa m'makalasi mwachisawawa, 1 adzatulukabe, bola musaikemo china mu regression yo. Yesani usiku uno muone.

Chisomo: Asisi, choyamba chotsanimo mwiniwake. Phatikizani malikisi a kalasi yonse, chotsani a mwanayo, gawani ndi chiwerengero cha otsalawo. Pa chitsanzo cha a Mbewe, mwana wa 40 uja anzake ali pa 55, wa 60 anzake ali pa 45. Chenjerani chabe: mukayamba kuyerekeza ana a sukulu imodzi yomweyo, wanzeru amaoneka ngati ali ndi anzake ofooka chifukwa choti iyeyo mwamuchotsa, ndiye nambala imakokeredwa pansi.

A Mbewe: Chisomo walasa, koma tangotsegula chitseko. Charles Manski analemba za vuto limeneli mu 1993 n'kulitcha reflection problem: munthu ndi chithunzi chake m'galasi amagwedezeka nthawi imodzi, ndipo woonera patali sangadziwe woyambitsa. Ana a kalasi imodzi amafanana pa zifukwa zitatu. Mwina akutengerana khama lenilenilo. Mwina akupindula ndi kumene anzawo akuchokera, monga mnzawo amene kwawo kuli nyale ya sola ndipo amawerengera limodzi. Kapena sakutengerana chilichonse, angogwera mphunzitsi mmodzi ndi denga lodontha limodzi. Avereji ya mock yomweyo siingalekanitse zitatuzi, ngakhale mutachotsamo mwiniwake.

Aphunzitsi a Phiri, opuma, Bembeke: Ana anga, za coefficient ndi zanu, ine ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso. Chimanga cha m'munda umodzi chimatalika mofanana, koma si kuti phesi likuonera linzake. Mvula ndi imodzi, feteleza ndi mmodzi. Chaka china pasukulu ina imene ndinaphunzitsako, mphunzitsi wa masamu anamusamutsa pakati pa teremu yachiwiri, wolowa m'malo sanabwere mpaka mayeso. Kalasi yonse inagwa. Inu pa kompyuta mukanati ana awonongana.

Kuno kumtunda, nthawi yokumba mbatatesi ndi tsiku la msika, mabenchi a kumbuyo amakhala opanda anthu. Kunsi kunyanja anyamata amapita kokoka makoka, ndipo mtsinje ukadzaza mudzi wathunthu sufika kusukulu. Zimenezi zimagwera ana a dera limodzi tsiku limodzi.

Koma chimene chandilembetsa ndi mudzi umene muli nawo pa fomupo. Mwana akakhoza PSLCE koma osasankhidwa, kapena akasankhidwira ku CDSS pomwe makolo amafuna yogonera, ambiri amamutumiza kukabwereza sitandade 8 pasukulu imene yatchuka kuti imatumiza ana ku sekondale. Amakakhala kwa azakhali. M'kaundula timalemba mudzi wa azakhaliwo. Ndikukumbukira kamtsikana kena kamene kankabwera ndi kope lakale lokutidwa ndi pepala la shuga, mafunso onse a chaka chatha ali momwemo ndi mayankho ake. Kanali nambala wani chaka chonse. Mudzi umene unalembedwa pa dzina lake kanagonamo miyezi isanu ndi inayi yokha. Mukati mudziwo umabala ana anzeru, mwanamizira mudzi.

Anangozo: Aphunzitsi, izi zandikhudza. Pa fomu yathu palibe funso loti mwana akubwereza kapena ayi.

Aphunzitsi a Phiri: Ahedi amawadziwa onse ndi mayina. Muwafunse mwaulemu, pakuti ena amaopa kuti mukuwafufuza. China, mayi: amene afika sitandade 8 ndi otsala. Chiyambire maphunziro aulere mu 1994, sitandade 1 imadzaza mpaka pansi pa mtengo, koma ofika pamwamba ndi ochepa. Mudzi umene ana ake ofooka anasiyira sitandade 5 udzaoneka wabwino pa mock, chifukwa watumiza olimba okhaokha.

Chisomo: Pa za mudzi ndi sukulu, asisi, musaike mudzi pansi pa sukulu ngati kuti mudzi uliwonse uli ndi sukulu imodzi. Ana a mudzi umodzi amagawikana, ndipo sukulu imodzi imatunga m'midzi yambiri. Imeneyi ndi cross-classified model. Mu pulogalamu ya pakompyuta ya R, ndi phukusi lake la lme4, mzere wake ndi uwu:

lmer(malikisi ~ zaka + mtsikana + wobwereza + (1|sukulu) + (1|mudzi))

Ikuuzani kuti kusiyana kwa malikisi kwagona kwambiri pati: pakati pa sukulu, pakati pa midzi, kapena pakati pa ana. Garner ndi Raudenbush anagwiritsa ntchito multilevel model, masamu olekanitsa gawo la mwana, la sukulu ndi la dera, ku Scotland mu 1991, ndipo anapeza kuti umphawi wa dera umatsitsa zotsatira ngakhale utawerengera nzeru za mwana, banja lake ndi sukulu yake. Koma yambani mwawerenga midzi imene imatumiza ana kusukulu zoposa imodzi. Ikakhala yochepa kwambiri, kompyuta ilibe poyambira kulekanitsa mudzi ndi sukulu.

Anabanda, Ntcheu: Achemwali, ndinavutika nazo zomwezi cha ku Lizulu. Musanathamangire R, khalani pansi ndi mayina a midzi. Mudzi umodzi ndinaupeza utalembedwa mitundu itatu, wina ndi h, wina wopanda h, wina wawonjezera 2 kumapeto. Ena analemba dzina la agulupu m'malo mwa mudzi. Palinso midzi ya dzina limodzi m'ma T/A osiyana, kompyuta imaiphatikiza kukhala umodzi. Kwathu kuno msewu wa M1 ndiwo malire, ndiye ana ena amagona tsidya la Mozambique n'kumalembetsa mudzi wa kuno. Ine ndinasonkhanitsa midzi pansi pa agulupu awo, ndi T/A pambali pake, chifukwa mudzi wa ana awiri suuza munthu kanthu. Amene anandithandiza kulongosola ndi amayi a mother group, iwo amadziwa khomo lililonse.

Anangozo: Zikomo achemwali. Nanga funso la anzake lija ndilisiye?

A Mbewe: Ayi, koma lifunseni mwa njira ina. Muli ndi zaka zitatu, chimenecho ndi chuma. Caroline Hoxby mu 2000, ndi sukulu za ku Texas, sanayerekeze sukulu ndi sukulu. Anayerekeza sukulu ndi iyo yomwe, chaka ndi chaka, popeza chaka china kalasi imakhala ndi atsikana ochulukirapo, china ochepa, popanda wokonza. Inunso ikani fixed effect ya sukulu ndi ya chaka, kuti sukulu iliyonse iziyerekezedwa ndi iyo yomwe, kenako gwiritsani ntchito zimene anzake anali nazo kalasi isanayambe: atsikana ndi angati, opyola msinkhu ndi angati, ndipo mukawapeza, malikisi awo a sitandade 7. Zimenezi mwana sangazisinthe pobwerera m'mbuyo, ndiye galasi lija lasweka. Obwereza osamuka aja ndiwo angasokoneze, chifukwa sabwera mwangozi, amatsata mbiri ya sukulu.

Mock ya zoni ina si ya zoni inzake, ndipo ya chaka chino si ya chaka chatha. Sandutsani malikisi kukhala z-score, muyeso wa mmene mwana watalikirana ndi avereji, m'kati mwa zoni ndi chaka. Ndipo musanyengedwe ndi kuchuluka kwa mizere mu Excel. Tiyerekeze kalasi ya ana 80, ICC (muyeso wa kufanana kwa ana a kalasi imodzi) 0.2: design effect, nambala yogawira chiwerengero cha ana kuti mudziwe kulemera kwawo kwenikweni, ndi 1 kuphatikiza 79 kuchulukitsa 0.2, ndiye 16.8. Ana 80 aja akulemera ngati ana osakwana 5. Standard error, muyeso wa mmene nambala yanu ingaphonyere, ikhale ya cluster pa sukulu, ndiye kuti yotenga ana a sukulu imodzi ngati gulu limodzi.

Mabwana anuwo akufuna nambalayi kuti achite nayo chiyani?

Anangozo: Akufuna kulangiza ahedi kuti asakanize ana amphamvu ndi ofooka mu 8A ndi 8B.

A Mbewe: Ndiye awuzeni za ku Kenya. Duflo, Dupas ndi Kremer anatsata sukulu 121 kumadzulo kwa dzikolo zimene zinalandira mphunzitsi woonjezera n'kugawa sitandade 1 pawiri. Pafupifupi theka zinagawa ana potsata malikisi, zinazo mwa mayere. Zotsatira zinatuluka mu 2011: kukhala ndi mnzako wanzeru kunathandiza ndithu, komabe kugawa potsata malikisi kunapindulira onse, ndi ofooka omwe, chifukwa mphunzitsi ankaphunzitsa pa msinkhu wa ana ali patsogolo pake. Anali ana a sitandade 1, si a 8, ndiye musakopere. Koma zikuonetsa kuti ngakhale mutapeza kuti ana amatengerana, langizo losakaniza silingotsatira lokha.

Anangozo: Ndabweranso, akuluakulu. Ndinasakaniza malikisi monga munanenera a Mbewe, 1.00 anatulukadi. Nditachotsa mwiniwake n'kuika sukulu ndi chaka, nambala yachepa kwambiri ndipo confidence interval, mpata umene nambala yeniyeni ingakhalemo, yadutsa pa 0, kutanthauza kuti mwina kutengeranako kulibe. M'lipoti ndilemba kuti ndi zimene tili nazo sitinganene kuti ana akukwezana kapena kugwetsana, ndiika gawo la sukulu ndi la agulupu kuchokera mu model ya Chisomo, ndipo ndipempha kuti pa fomu tiwonjezere kubwereza, malikisi a sitandade 7, ndi kumene mwana anakulira. Ndikudziwa kuti sakondwera nazo, koma pa langizo limeneli pali ana enieni amene asunthidwe makalasi.

Aphunzitsi a Phiri: Mayi, mufunsenso mhedi aliyense mmene amagawira 8A ndi 8B. Ena amaika anzeru mu A. Koma ena amangotsika ndi kaundula, uyu A, uyu B, uyu A, osayang'ana malikisi.

A Mbewe: Aphunzitsi, amenewo ndiwo mayere athu. Anangozo, sukulu zogawa chonchi muzilembe padera, ndipo muone kaye ngati A ndi B anali ofanana pa malikisi a sitandade 7.

Anangozo: Ahedi a zoni ya kumtunda akumana pa TDC, likulu la aphunzitsi a m'zoni, Lachiwiri. Ndipempha a PEA, alangizi a sukulu za m'zoniyo, andipatse mphindi khumi. Aphunzitsi, ndidzakudzereni m'mawa tipitire limodzi?

Aphunzitsi a Phiri: Mudzandipeza pamsewu. Mutenge mafomu osalemba, kaundula sadzalola kuti muchoke naye.