"Kuona maso a nkhono n'kudekha": kudekha kwake n'kuti?

Akuluakulu, ndithandizeni. Ndimaphunzitsa sukulu ya mkombaphala, ndipo chiyambireni mvula ndimakonda kutuluka ndi ana kukaphunzirira kudimba. Dzana tinapeza nkhono patsinde pa nthochi. Pofuna kuoneka wodziwa ndinati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Kamtsikana kena kanafunsa kuti kudekha n'kutani, ine n'kuyankha kuti n'kudikira. Tinadikiradi, ana ataizungulira, ena akuigogoda ndi kamtengo, koma nkhono osatuluka. Kodi ndinawanamiza?

Bambo wina wa ku Dedza:
Simunaname aphunzitsi, koma munapereweza. Munthu amatha kudikira minibasi uku akulalata, ameneyo sanadekhe. Kudekha n'kukhazika pansi thupi ndi mtima womwe. Nkhono ili ndi tinyanga tinayi, ndipo maso ali kunsonga kwa tiwiri tatitali ta pamwamba. Ikangomva kukhudzidwa kapena kugwedezeka imatibweza m'kati. Ndiye ana anu akanagogoda mpaka dzuwa kulowa, maso sakanawaona.

Mayi wina:
Agogo anga mwambi sankaumasulira. Ankayamba akusiya upsereze nsima kumasanje kapena uthawitse mbewa pokumba ndi phuma, kenako n'kuuponya mwambiwo, iwo n'kumapita. Tanthauzo unkalitola wekha. Ife lero timayamba ndi kulemba mwambi pabolodi, mwana n'kuuloweza pamtima asanaionepo nkhono ikuyenda.

Mnyamata wina wokhala ku Britain:
Zimandiseketsa kuti kuno zophunzirira panjazi amazitcha forest school, ndipo makolo ena amalipira kuti ana akasewere m'matope. Anatengera ku Denmark, komwe zinayamba m'ma 1950. Ife a pulayimale yaulere ya 1994 tinaphunzirapo pansi pa mtengo chifukwa chosowa makalasi, koma mtengowo sitinauphunzire ngakhale dzina. Maso onse anali pa bolodi loyedzamira tsinde.

Mayi wachikulire:
Musaukometse kwambiri mwambiwu ana inu. Ine ndinaumva koyamba kwa anankungwi ndikulowa m'banja, ndipo apo unkatanthauza kuti pirira, usamayankhe. Akazi ambiri anadekha mpaka kukalamba, maso a nkhonoyo osawaona. Mukamaphunzitsa ana aakaziwo muziwauzanso kuti podekhera ndi pati.

Bambo wa ku Dedza uja:
Amayi mwanena zoona, koma pamenepo mwambi anaupotoza. Wodekha wa m'mwambiwu maso ali tcheru, pali chimene akufuna kuona. Si munthu woti wangotsekedwa pakamwa ayi.

Mphunzitsi:
Zikomo nonse. Lero m'mawa tinabwererako. Ndinawauza kuti manja apinde ndipo aliyense akhale chete ngati palibe munthu. Patapita kanthawi tinyanga tija tinatuluka, kamnyamata kena n'kukuwa kuti "Awo maso!" Nkhono n'kubwereranso m'chigoba. Kamtsikana kaja tsopano kakufunsa ngati nkhonoyo nayo imationa ifeyo.