Za ngongole ya ku yunivesite ija: ndasankha chochita

Abale, mwezi watha ndinafunsa ngati ndi nzeru kubweza ngongole ya sukulu nthawi isanakwane, kapena ndalamazo ndigulire mpunga wogulitsa kuno ku Nkhotakota. Ambiri munati ndiyambe ndadziwa kuti ngongole yonse yafika pati ku HESLGB, bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite. Ndinatero, ndipo ndayamba kubweza pang'onopang'ono mwezi uliwonse, ngakhale zaka ziwiri zodikira zimene amapereka munthu akamaliza maphunziro, asanayambe kubweza, sizinathe.

Mpunga sindinausiye ayi. Pa nthawi yokolola umatsika mtengo, ndiye theka la ndalama ndalisungira pamenepo. Achimwene amene munati boma limaiwala ngongole zotere, pepani, masiku ano amadula kumalipiro ukangolembedwa ntchito. Malisiti onse ndikusunga, ena ndawajambula pafoni.