Makompyuta onse kudalira seva imodzi, ndilowe kapena ayi?

Membala wobisa dzina: Akuluakulu ndithandizeni. Ndili ndi kaofesi ku Mzuzu, makompyuta akalamba, iliyonse ili ndi matenda akeake. Mlamu wanga, amene ndinamulemba ntchito pomvera madamu, anafufuta mafayilo a kasitomala n'kumakana. Lendi nayo yakwera. Mnyamata wa IT akuti tigule seva imodzi yamphamvu (kompyuta yaikulu yotumikira ena onse), Windows ya aliyense izikhala mmenemo, patebulo pangokhala sikirini, kiyibodi ndi kabokosi kotchedwa thin client. Akuti ndi desktop virtualization. Phindu lilipo kapena akufuna kundidyera?

Wa ku Joni: Seva mu ofesi? Zachikale zimenezo bwana! Microsoft inatulutsa Windows 365 mu 2021, kompyuta yanu yonse imakhala pa intaneti, mumailowa ngakhale pafoni. Amalawi tidzuke.

Anaphiri: Achimwene a ku Joni, imeneyo imalipiridwa mwezi ndi mwezi, munthu aliyense payekha, m'madola. Madolawo muwapezera ndinu? Kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023, mwaiwala?

Wa ku Joni: Umphawi uli m'mutu mayi.

Gogo Chalo: Chotsani mlamuyo basi. Ine wanga anandigwetsera golosale yonse, mpaka lero sitilankhulana.

Fundi wa pa Area 25: Phindu lilipo ndithu. Pulogalamu mumaika kamodzi pa seva, onse aipeza. Mafayilo sakhala patebulo la munthu, ndiye backup (kusunga kope lapadera la mafayilo) n'kamodzi, ndipo wakuba akanyamula kabokosiko wanyamula chopanda kanthu. Timabokosi tina ta kampani ya NComputing timadya mawati 5 okha, sola imatikwanitsa. Koma seva ikafa nonse mwakhala pansi, UPS (batire yogwirizira magetsi akathima) musaiwale. Malayisensi a Microsoft nawo amawerengera munthu kapena kabokosi kalikonse. Muli anthu angati, ndipo mumagwira ntchito yanji? Ngati ndi Word ndi Excel lowani, koma pulogalamu yojambulira ya CorelDRAW kapena mavidiyo mudzalira. Anthu atatu okha musavutike nazo.

Wa ku Joni: Ndiye mwamva nokha, seva ikafa. Pa intaneti sizifa!

Anaphiri: Netiweki ikathawa mudzagwira ntchito ndi pakamwa panupo?

Che Jafali: Kkkk mlamu azifufuta za ofesi yonse kamodzi tsopano.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Za mlamu n'zovuta agogo, apongozi akudwala ndipo ndi iyeyo amawagulira mankhwala. Ndiye fundi, mukuti ndigule?

Fundi wa pa Area 25: Bwana, muli angati?